Chiseyeye ndi Nyamakazi: Ubale Umene Madokotala Aulondola kwa Zaka 200

Munthu akamakukuta chimanga chootcha naona timadontho ta magazi pa chitsononkho, kapena akamatsuka mano m'mamawa nalavula thovu lofiirira, kawirikawiri salabadira, pakuti chiseyeye chafala kotero kuti ambiri amachiyesa chinthu chongodza ndi ukulu. Ndipo munthu yemweyo akadzadzuka tsiku lina, patapita zaka, zala zake zitauma gwa, wosatha kumanga chitenje kapena kufinya chovala chimene wachapa, sizidzamufikira m'maganizo kuti mavuto awiriwa angakhale apachibale. Komatu akatswiri a zamankhwala ku Ulaya ndi ku America, amene akhala akufunsa kwa zaka zambiri kumene nyamakazi yotupitsa mfundo imayambira, apeza mapazi ake ena akuloza m'kamwa, m'kampata kaja kamene kali pakati pa dzino ndi nkhama.

Matenda awiri

Nyamakazi ili ya mitundu yambiri, ndipo yodziwika kwambiri ndi ija yodza ndi ukalamba, pamene mawondo ndi chiuno zaperepeseka chifukwa cha ntchito ya zaka zonse. Koma ilipo ina yoopsa kuposa imeneyo, imene madokotala amaitcha rheumatoid arthritis, imene siyembekezera imvi, pakuti imagwira ngakhale mayi woyamwitsa. Mmenemo chitetezo cha m'thupi, chimene chinaikidwa kuti chithire nkhondo tizilombo tochokera kunja, chimatembenukira mwini wake, nichiyamba kutupitsa kachikopa kophimba mkati mwa mfundo. Imayambira m'mfundo zing'onozing'ono za zala, za pamkono ndi za kuphazi, kumanja ndi kumanzere komwe. Wodwala amadzuka ali wouma kwa theka la ola kapena kupitirira, ali wofooka thupi lonse, ndipo akapanda kulandira mankhwala, fupa limadyeka pang'onopang'ono kufikira zala zitapindika osawongokanso. Dokotala wachinyamata wa ku Paris, Augustin Jacob Landré-Beauvais, ndiye anailongosola m'chaka cha 1800 ataiona mwa amayi osauka a pa chipatala cha Salpêtrière, ndipo Alfred Garrod wa ku London anaipatsa dzina lake m'chaka cha 1859. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO likuti m'chaka cha 2019 anthu 18 miliyoni anali nayo, ndipo mwa odwala 100 alionse, pafupifupi 70 anali akazi.

Chiseyeye nacho chili ndi mayendedwe ake. Litsiro lomata m'mano, limene kwenikweni ndi khamu la mabakiteriya, likasiyidwa m'mphepete mwa nkhama limauma ndi kulimba kotero kuti mswachi sungalichotsenso. Nkhama imafiira, imatupa, nisiyana ndi dzino, ndipo kampata kamene mwa munthu wangwiro sikapitirira mamilimita 3 kamazama kufika mamilimita 6 kapena kuposerapo. Mmenemo, mopanda mpweya, mumaswana tizilombo tosakonda mpweya, mumatuluka mafinya ndi fungo, fupa logwira dzino limasungunuka, kenaka dzino liyamba kugwedera. Anthu oposa 1 biliyoni padziko lapansi ali ndi chiseyeye chofika poipa chotere.

Nyengo yozula mano

Kukayikira kuti m'kamwa ndi mfundo zimamvana sikunayambe lero. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, Benjamin Rush, dokotala wotchuka wa ku Philadelphia, analemba za mayi wina wodwala nyamakazi ya m'chiuno amene anapeza bwino atamuzula dzino lovunda. Patapita zaka pafupifupi 100, William Hunter wa ku London anayamba kuphunzitsa kuti mafinya a m'kamwa amawononga thupi lonse, ndipo mawu amene analankhula pa yunivesite ya McGill ku Montreal m'chaka cha 1910 anawanda ponseponse. Frank Billings wa ku Chicago nayenso anakuza chiphunzitsocho. Pamenepo kunagwa mliri wa mtundu wina, pakuti madokotala, pofunitsa kuchiritsa nyamakazi ndi matenda ena amene sanali kuwamvetsa, anazula mano a anthu ochuluka, ovunda ndi abwino omwe, nasiya anyamata ndi atsikana ali ndi nkhama zokhazokha. M'chaka cha 1938, Russell Cecil ndi Murray Angevine a ku New York, atapenda odwala nyamakaziyi okwana 200, anaonetsa kuti kuchotsa mano ndi ziwalo zina zoganiziridwa kuti zikusunga matenda sikunawachiritse. Kuthamanga sikufika. Chiphunzitsocho chinagwa ndi manyazi, ndipo kwa zaka makumi angapo dokotala wodzilemekeza sanali kufuna kuchitchulanso.

Chizindikiro cha m'magazi

Chimene chinatsegulanso mlanduwo chinachokera kwina. M'chaka cha 1998, Gerard Schellekens ndi Walther van Venrooij, pamodzi ndi anzao a ku Nijmegen m'dziko la Netherlands, anatulukira chenicheni chimene chitetezo cha wodwala nyamakaziyi chimalimbana nacho. Mapuloteni a m'thupi amamangidwa ndi tizidutswa ta mitundu 20 tolumikizana mondondozana, ndipo kamodzi mwa timeneti, kotchedwa arginine, kakhoza kusandulizidwa kukhala kena kotchedwa citrulline. Kusandulika kumeneku kumachitika mwa munthu aliyense, pakhungu ndi m'malo ena, popanda choipa. Koma mwa anthu ena, makamaka amene anatengera kwa makolo tizinthu ta chibadwa totchedwa majini ta mtundu wakutiwakuti, asilikali a m'thupi akaona puloteni yosandulikayo saizindikiranso, monga agalu a pakhomo amene amaluma mwana wa m'nyumba momwemo chifukwa wabwera usiku atavala zachilendo. Zida zimene thupi limasula polimbana ndi mapuloteni otere ndizo zimayezedwa lero m'magazi ndi muyeso wotchedwa anti-CCP, ndipo zimapezeka mwa odwala pafupifupi awiri mwa atatu alionse.

Chodabwitsa chinatulukira pamene ofufuza a ku Umeå m'dziko la Sweden ndi a ku Amsterdam, m'zaka za 2003 ndi 2004, anabwerera ku magazi osungidwa a anthu amene anawapereka ali bwinobwino koma pambuyo pake nadwala nyamakazi. Anapeza kuti mwa ambiri a iwo zida zija zinalimo kale zaka zingapo mfundo zisanayambe kupweteka, mwa ena zaka zoposa 10. Ngati tsono nkhondo imayambika mfundo zikadali zangwiro, ndiye kuti imayambira kwina, kumene thupi limakumana ndi za kunja tsiku ndi tsiku, ndiko kunena m'mapapo, m'matumbo ndi m'kamwa. Za m'mapapo zinaonekera msanga, pakuti Lars Klareskog ndi anzake a ku Stockholm anasonyeza m'chaka cha 2006 kuti utsi wa fodya umachulukitsa mapuloteni osandulika m'mapapo, ndi kuti wosuta amene ali ndi majini aja ali pangozi yaikulu koposa. Maso a ofufuza ena anatembenukira ku nkhama.

Tizilombo togwidwa m'kampata

Koyamba kuzengedwa mlandu kanali kachilombo kotchedwa Porphyromonas gingivalis, kamene kamakhala pansi pa kampata kozama, kamadya mapuloteni ndi magazi, ndipo kali ndi luso limene mabakiteriya ena pafupifupi onse alibe. Kali ndi mipeni yake yachibadwa yodulira mapuloteni a munthu pamalo penipeni pamene pali arginine, ndiponso kali ndi chida china, chotchedwa PPAD, chimene chimasanduliza arginine wotsala kumapeto kwa chidutswacho kukhala citrulline. Chida chimenechi chinapatulidwa m'chaka cha 1999 pa yunivesite ya Georgia ku America, m'gulu la ofufuza mmene munali Jan Potempa wa ku Poland. M'chaka cha 2010 Natalia Wegner ndi Patrick Venables a ku London anaonetsa kuti kachilomboka kamasanduliza fibrinogen ndi enolase, mapuloteni awiri a munthu amene chitetezo cha odwala nyamakazi chimadana nawo. Ndipo m'chaka cha 2013 gulu la Potempa linapeza kuti mbewa zopatsidwa kachilomboka zinadwala nyamakazi msanga ndiponso moopsa, pamene zopatsidwa kachilombo komweko katachotsedwa chida chija sizinatero.

Kachiwiri ndi Aggregatibacter actinomycetemcomitans, kamene kamayenda njira ina. Maximilian Konig ndi Felipe Andrade a pa yunivesite ya Johns Hopkins ku Baltimore analengeza m'chaka cha 2016 kuti kachilomboka kamatulutsa poizoni woboola maselo oyera a magazi amene athamangira ku nkhama kudzamenya nkhondo. Selo likabooka, kashiamu amalowa mochuluka, nadzutsa zida za selolo zosanduliza mapuloteni, kotero kuti msilikali amafa akukhuthula mapuloteni osandulika pa chilonda chimene anadzachinjiriza. Pafupifupi theka la odwala nyamakazi amene anayezedwa anaonetsa kuti anakumanapo ndi poizoniyu, pamene mwa anthu angwiro anali pafupifupi mmodzi mwa 10.

Umboni wina wokhudza mtima unadza m'chaka cha 2023 kuchokera kwa Dana Orange wa pa yunivesite ya Rockefeller ku New York ndi William Robinson wa ku Stanford. Odwala angapo anavomera kudzibaya pachala mlungu ndi mlungu kwa nthawi yaitali, natumiza timadontho ta magazi kuti tiyezedwe. Ndipo mwa iwo amene anali ndi chiseyeye munapezeka mobwerezabwereza zizindikiro za mabakiteriya a m'kamwa atalowa m'magazi. Mabakiteriyawo anali atakutidwa ndi mapuloteni osandulika, ndipo zida zomwe zija zimene zimazunza mfundo zinali kuwagwira. Nkhama yodwala, tsono, ndi khomo losatseka, limene limalowetsa mdani kawirikawiri, ndipo nthawi iliyonse akalowa chitetezo chimaputidwanso.

Wina angafunse, ndipo funsolo n'loyenera, ngati si nyamakazi imene imabala chiseyeye, popeza munthu wa zala zouma sangagwire bwino mswachi. Ofufuza a ku Leeds, motsogozedwa ndi Kulveer Mankia ndi Paul Emery, anayankhapo m'chaka cha 2019 popenda anthu amene zida zija zinapezeka m'magazi mwao koma mfundo zao zisanatupe, ndipo anapeza kuti chiseyeye chinali chofala mwa iwo pafupifupi kawiri poyerekeza ndi anthu ena. Mwa iwowa matenda a m'kamwa ndiwo anatsogola.

Choyenera kuchita

Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo akatswiri a lero, pokumbukira mano amene anazulidwa pachabe, salankhula mopitirira umboni. Ochuluka a anthu odwala chiseyeye sadzadwala nyamakaziyi, ndipo alipo odwala nyamakazi a nkhama zangwiro. Majini, fodya, kukhala mkazi ndi tizilombo zimasonkherana, pakuti chala chimodzi sichiswa nsabwe. Kafukufuku woyesa ngati kuchiza chiseyeye kumachepetsa ululu wa mfundo wachitika pa magulu ang'onoang'ono, ena naonetsa kusintha, ena osaonetsa. Chifukwa chake wodwala nyamakazi asasiye methotrexate kapena mankhwala ena amene dokotala anamulembera poyembekezera kuti kutsukitsa mano kumuchiritsa, ndipo pasapezeke munthu wozulitsa dzino labwino chifukwa cha nkhani ino.

Chimene umboniwu ukufuna kwa ife n'chopepuka, ndipo n'chopindulitsa ngakhale nyamakazi ikanapanda kutchulidwa: kutsuka mano kawiri pa tsiku, makamaka usiku pogona, ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride, mswachi ukusesa mofatsa pamalire a dzino ndi nkhama, kusaleka kutsuka pamene patuluka magazi, pakuti magaziwo ndi chizindikiro chakuti malowo asowa chisamaliro, kupita kwa dokotala wa mano kuti akapale litsiro louma lija dzino lisanagwedere, ndi kutaya fodya, amene amawononga nkhama ndi mfundo pamodzi. Amene kwao kuli mayi kapena mchemwali wodwala nyamakazi yotere ayenera kusamala koposa. Ndipo amene waona mfundo za zala zikutupa mbali zonse ziwiri kwa milungu ingapo afulumire kuchipatala, pakuti m'mera mpoyamba: mankhwala oyambidwa m'miyezi yoyambirira amapulumutsa mfundo zimene pambuyo pake palibe angaziwongole.

Kuno kwathu, kumene ambiri amafika kwa dokotala wa mano pokhapokha dzino litawagoneka m'maso usiku wonse, ndipo pempho lao limakhala limodzi, lakuti lizulidwe, nkhaniyi yadza pa nthawi yake. Malawi anayamba kuphunzitsa madokotala ake a mano m'chaka cha 2019, pa sukulu imene lero ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi yunivesite ya Glasgow, ndipo m'chaka cha 2022 boma linakhazikitsa ndondomeko yake yoyamba ya umoyo wa m'kamwa. Kukanakhala kokoma achinyamata amenewa akanazolowera, poona nkhama yotupa, kufunsanso za zala ndi mawondo a wodwalayo, ndipo anzao a m'zipinda zina za chipatala, poona zala zotupa, kupempha wodwala kuti ayasamule. Thupi ndi limodzi, ngakhale sukulu zinaligawa pakati pa akatswiri osiyanasiyana, ndipo mayi amene wayenda mtunda wautali kuti akafike kuchipatala ayenera kuonedwa yense pa ulendo womwewo.