ZA MIPANDO YA M'NYUMBA ZA MULUNGU KU HOLLAND

Tifuna kukufotokozerani za mipando ndi magome amene amisiri a ku Holland anakhomera nyumba za Mulungu itatha nkhondo yaikuru yaciwiri, pakuti m'menemo muli cotilangiza ife tonse.

Nkhondoyo, imene inasautsa dzikolo kuyambira 1940 kufikira 1945, inapasula nyumba zambiri zopemphereramo. Pofuna kuzimanganso, a Mpingo wa Katolika anatsegula maphunziro a omanga m'mudzi wa 's-Hertogenbosch m'caka ca 1946, ndipo anapitirira kufikira 1973. Mphunzitsi womveka kumeneko anali Dom Hans van der Laan, wansembe wa gulu la amonke a Benedict Woyera, amene anabadwira ku Leiden mu 1904 namwalira mu 1991. Ndipo anagwira nchitoyo pamodzi ndi mng'ono wace Nico.

Funso la munthu ameneyu linali ili: kodi diso lizindikira bwanji kuti ici ncacikuru, ico ncacing'ono? Anatola timiyala, natisanja monga mwa ukuru wace, napeza zinthu ziwiri. Coyamba, zinthu zioneka zosiyana bwino pamene cina ciri ndi miyeso 3 ndi cinzace miyeso 4. Kusiyana kukacepa, diso liziyesa zofanana. Caciwiri, cinthu cikaposa cinzace koposa kasanu ndi kawiri, diso lileka kuziona ngati zapacibale. Cifukwa cace anaphunzitsa kuti kucindikala kwa khoma kukhale limodzi la magawo 7 a kupingasa kwa cipinda. Ndipo ndi muyeso womwewo anayesa khoma, zenera, gome ndi mpando, kuti zonse za m'nyumba zibvomerezane monga ana a mimba imodzi.

Tsono taonani maonekedwe a mipandoyo. Ndiyo ya matabwa wamba oongoka, ophatikizana ndi misomali. Mitu ya misomali sanaibisa, koma anaindandalika m'mizere yolunjika, ndipo mizereyo ndiyo cokometsera cace cokha. Palibe maluwa osema, palibe golidi; utoto wace ndi wofatsa, wambuu ngati phulusa. Yotere iri m'nyumba ya amonke ya St. Benedictusberg ku Vaals, kufupi ndi malire a Germany, kumene iye anamanga cipinda copempherera ca pansi mu 1961, ndi chalichi ca pamwamba cimene cinapatulidwa mu 1968. Wophunzira wace Jan de Jong anatsata njira yomweyo, nakonzera Pauluskerk ya ku Uden mu 1966 mipando ya matabwa a paini yokhomedwa ndi misomali yamkuwa.

Wina adzati, Kodi sikunyoza Mulungu kumpatsa matabwa opanda zosema? Iai ndithu. Munthu akalowa m'nyumba yodzala ndi zonyezimira, maso ace ayendayenda ndipo mtima utsata maso. Koma pamene zonse ziri zoyesedwa bwino ndi zacete, maso apumula, makutu natseguka. Ndiponso cinthu copanda zokometsera sicikhoza kubisa cinyengo: thabwa likakhota, aliyense aona, msomali ukapatuka pa mzere, ngakhale mwana auloza. Potero nchito yooneka yapafupi ifuna mmisiri wokhulupirika koposa.

Koma pali cina comvetsa cisoni. M'zaka zotsatira anthu a ku Holland anacepa m'mapemphero, ndipo nyumba zambiri za Mulungu zinatsekedwa, zina kugwetsedwa. Mipando ija inagwa m'manja a amalonda, ndipo lero anthu acuma aigula pa mtengo waukuru, naikhazika m'zipinda zao zodyera. Thabwa la mtengo wocepa, limene linakhomedwera ogwada, lasanduka codzitamandira ca eni ndalama. Amonke a ku Vaals akali kupemphera pa yao. Koma yambiri yatayana ndi nchito yace.

Cifukwa cace tinena mau awiri. Kwa inu amisiri a matabwa: musacite manyazi ndi kusauka kwa zipangizo zanu, yesani bwino, khomani moongoka, ndipo nchito yanu idzayenera nyumba ya Ambuye. Kwa inu akulu a mpingo ndi Akristu nonse: mipando, ingakhale yokoma motani, siisunga mpingo. Tisamale anthu okhalapo, ndi ana amene adzakhalapo m'mbuyo mwathu, kuti mipando yathu ingatsale yopanda eni.