Kachalichi ka Sandham

Mukakaonera kunja, kachalichi ka Sandham ku Burghclere, ku England, sikakopa maso. Ndi ka njerwa zofiira, mawindo aatali ali kumaso kokha, ndipo uku ndi uku kuli tinyumba timene kale tinali ta anthu osowa. Anakamangitsa ndi Mary Behrend ndi mwamuna wake John Louis, ndipo kanapatulidwa mu 1927 pokumbukira mlongo wake wa Mary, Harry Sandham, yemwe anamwalira nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, ndi matenda amene anawatengera ku Macedonia. Pulani anajambula ndi Lionel Pearson, koma makoma anawakonzeratu kuti pakhale zithunzi za Stanley Spencer, amene anazimaliza mu 1932.

Chimene chimandikhudza ine n'chakuti pa zithunzi 19 zonsezo simuona msilikali akuwombera mnzake. Pa nthawi ya nkhondoyo, Spencer ankatumikira odwala pachipatala cha Beaufort ku Bristol, ndiye anajambula ntchito zimene manja ake ankazidziwa: wina akukwecha pansi, ena akusankhula zochapa, ena akuyala mabedi. Kukhoma la kuguwa, asilikali akudzuka m'manda atagwira mitanda yoyera, nyulu nazo zikudzambatuka. Khristu ali patali, chakumwamba, wamng'ono zedi, akulandira mitandayo.