"Mwamva?" "Eee!"

Aliyense wa ife amene adapitako pafupi ndi sukulu ya pulaimale ku Kawale, ku Biwi kapena ku Chinsapo nthaŵi ya m'maŵa alidziŵa phokoso limeneli. Mphunzitsi afuula, "Mwamva?" Ndipo ana oposa zana, ena pa madesiki, ambiri pansi, ayankha ndi mau amodzi, "Eee!" Ife makolo tikamva chotero mitima ikhala pansi, timati ana akuphunzira.

Koma mwa ana zana aja ndi angati amene amvadi? Funso limeneli silingatiuze, pakuti mwana amene wamva ndi mnzake amene sadamve ayankha chimodzimodzi. Wosamvayo abisala m'mau a anzake monga mbeŵa m'udzu, nabisalabe chaka ndi chaka kufikira tsiku la mayeso a Sitandade 8, pamene akhala yekha ndi pepala lake.

Sitinena izi pofuna kunyoza aphunzitsi athu, iai. Katundu wao ndi wolemera. M'chaka cha 1994, boma litachotsa fizi ku pulaimale, chiŵerengero cha ana chidakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo muno mu Lilongwe, likulu la dziko kuyambira 1975, anthu sadaleke kubwera. Munthu mmodzi pakati pa khamu lotere ayenera kupeza njira yosungira bata, ndipo kuyankhitsa ana pamodzi ndiyo njira yapafupi. Komabe funso ndi chida chosagula, ndipo ngakhale m'kalasi lodzaza chingathe kunoledwa.

Tiyeni titenge phunziro la ukhondo. M'mwezi wa Januwale, chaka cha 2023 chitangoyamba, boma lidachedwetsa kutsegula sukulu mu Lilongwe ndi mu Blantyre chifukwa cha kolera. Ana a ku Mgona ndi ku Area 23 adaliona vutoli ndi maso ao. Tsono mphunzitsi wina afunsa, "Kodi madzi akumwa tiyenera kuthiramo mankhwala?" Onse ati, "Eee!" Mphunzitsi wina afunsa chonchi: "Madzi a pa mpopi atuluka ali abwino. Nanga afika bwanji m'kapu ali oipa?" Apa palibe pobisala. Mwana ayenera kuutsata ulendo wa madziwo m'maganizo: chidebe chosatsuka, masamba oikidwa pamwamba kuti madzi asatayike, ndowa yosavundikira, dzanja la mng'ono wake lomizidwa pamodzi ndi kapu. Funso loyamba lafuna liu limodzi; lachiŵiri lamtuma mwana kwao kukayang'ana.

Chinthu china ndicho kudikira, ndipo pano ambiri a ife tiperewera. Mai wina wa ku America, Mary Budd Rowe, katswiri wa kaphunzitsidwe ka sayansi, adamvetsera maphunziro ambiri ojambulidwa mau, ndipo m'chaka cha 1972 adaonetsa kuti aphunzitsi akafunsa amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha, kenaka amabwereza funso, amaloza mwana wina, kapena amadziyankha okha. Adapezanso kuti akadikira masekondi atatu kapena kuposerapo, mayankho amatalika ndipo ana amene sankalankhula amayamba kulankhula. Masekondi atatu! Nthaŵi yosakwana ndi kumanga chingwe cha nsapato. Kwa mwana wathu amene amva funso m'Chingerezi, naliganiza m'Chicheŵa, nafunafunanso mau a Chingerezi oyankhira, kudikirako ndi chifundo chenicheni.

Ndiponso funso liyambe, dzina la woyankha litsate. Mphunzitsi akatchula dzina poyamba, ena onse apuma. Asasankhe okhaokha olizitsa zala kutsogolo. Atsikana ofatsa a kumbuyo aja naonso ali ndi mitu. Kalasi likakula, ana anong'onezane aŵiriaŵiri asanayankhe. Ndipo mwana akalakwa, m'malo mwa "Khala pansi, mbuli iwe," mphunzitsi afunse, "Waganiza bwanji kuti ufike pamenepo?" Kaŵirikaŵiri yankho lolakwa liulula pamene phunziro lidaduka, ndipo ana makumi aŵiri adadukira pomwepo.

Ife a mpingo nkhaniyi itikhudza koposa, pakuti tidaleredwa ndi mafunso. Katekisma wa ku Heidelberg, wa m'chaka cha 1563, ali ndi mafunso 129 ndi mayankho ake. Kuloŵeza ndi kwabwino, ndipo agogo athu ambiri adatonthozedwa pa mphasa ya imfa ndi mau amene adaloŵeza ali ana. Koma akulu a mpingo amene amayesa a m'kalasi adziŵa kuti wachinyamata angathe kunena yankho lonse osaphonya liu, koma mukangotembenuza funsolo pang'ono aima chilili. Ambuye Yesu, atafunsidwa ndi wachilamulo uja pa Luka 10, adasimba za Msamariya, natsiriza ndi funso limene munthuyo adayenera kuliyankha ndi pakamwa pake. Aphunzitsi a Sande Sukulu angachite bwino kuŵerenganso mutu umenewu.

Tsono tibwere kunyumba, kumene kuli mlandu wathu. Makolo akale adati safunsa adadya phula, koma ife tomwe, mwana akafunsa kaŵiri, timati, "Wayamba mwano." Mwana wozoloŵera kukalipidwa akafunsa kunyumba sangakweze dzanja kusukulu. Achinyamata inu, musachite manyazi kunena kuti, "Aphunzitsi, sindidamve, tabwerezani". Anzanu oseka aja ambiri naonso sadamve.

Ndipo madzulo, podikira nsima, funso lathu lisakhale lakuti, "Wakhoza zingati?" lokha. Bambo kapena mai, ngakhale amene adalekezera Sitandade 4, angathe kunena, "Mwananga, tandiphunzitsa zimene mwaphunzira lero." Mwanayo akayamba kufotokoza nakakamira pakati, tisamthandize msanga kapena kumdzudzula. Tiŵerenge chamumtima kufikira katatu, kenaka timfunse kuti, "Nanga pamenepo chidachitika n'chiyani?"