Adiresi imodzi, mayina ambiri: kaundula amene amachititsa kuti imelo ifike kapena ikanidwe

Kompyuta iliyonse yotumiza uthenga pa intaneti imadziwika ndi nambala yotchedwa adiresi ya IP, ndipo kaundula wa DNS, amene Paul Mockapetris anakonza mu 1983, ndiye amasandutsa dzina, monga lothera ndi .mz, kukhala nambalayo. Kaundulayu alinso ndi mbali yobwerera m'mbuyo, yotchedwa reverse DNS, imene imayambira pa nambala n'kufunsa dzina lake. Yankho limasungidwa m'cholembedwa chotchedwa PTR, ndipo zigawo zinayi za nambala zimalembedwa kuyambira kumapeto, kotero kuti 192.0.2.25 imakhala 25.2.0.192.in-addr.arpa.

Maadiresi a mtundu wa IPv4 alipo pafupifupi 4.3 biliyoni okha, ndipo nkhokwe yaikulu ya bungwe la IANA inatha mu February 2011, choncho kugawana adiresi kunafala. Gulu la alimi, sukulu ndi sitolo za ku Ulongwe zikhoza kusungitsa mayina awo pa seva imodzi ya ku Maputo, yomwe ili ndi nambala imodzi. Kupita kutsogolo palibe chovuta, pakuti mayina ambirimbiri angathe kuloza pa nambala yomweyo, koma pobwerera m'pamene mmisiri amakopeka kuti alembere dzina lililonse PTR yakeyake. Malamulo a DNS saletsa zimenezi, komabe n'zosathandiza, chifukwa mayankho safika mwa dongosolo lokhazikika, ndipo mapulogalamu ambiri amangotenga limene layamba kufika.

Lole yonyamula kachewere wa alimi ambiri kuchokera ku Angónia kupita ku Tete imakhala ndi nambala imodzi, ndipo wapolisi wapamsewu amayerekeza nambalayo ndi zimene zalembedwa m'mapepala a galimoto, osati ndi zizindikiro za pamatumba. Seva yolandira makalata imachitanso chimodzimodzi: imafunsa dzina la adiresi imene yagogoda, kenaka n'kufunsanso adiresi ya dzinalo, ndipo mayankho awiriwo akasemphana, kalatayo ikhoza kukanidwa kapena kuponyedwa pakati pa makalata achabechabe. Kuyambira February 2024, Gmail imafuna kuti aliyense woitumizira makalata akwaniritse zimenezi. Njira yolongosoka ndiyo kusankha dzina limodzi la seva yeniyeniyo, kulilemba mu PTR, kuonetsetsa kuti likuloza pa nambala yomweyo, ndi kukonza seva kuti izitchula dzina lomwelo popereka moni wa EHLO. Mayina enawo amadzitsimikizira paokha kudzera m'zolembedwa za SPF, zosonyeza maseva ololedwa kuwatumizira makalata, ndi DKIM, imene ili ngati siginecha ya pakalata.

Chimene chimasokoneza ambiri n'chakuti mwini dzina si mwini nambala. Bungwe la AFRINIC la ku Mauritius ndilo limagawa maadiresi mu Africa kwa makampani monga Tmcel, Vodacom ndi Movitel, ndipo mphamvu yolemba PTR imatsatira nambala, choncho PTR imapemphedwa ku kampani yopereka intaneti kapena yosunga seva. Ofesi ya ku Ulongwe imene imadalira netiweki ya foni kawirikawiri imatulukira pa adiresi imodzi ndi makasitomala ena ambiri, mwa njira yotchedwa CGNAT, ndipo siingapatsidwe PTR yakeyake. Iyenera kupempha adiresi yokhazikika, kapena kutumiza makalata ake kudzera pa seva ina imene kaundula wake ndi wolongosoka kale. Mmisiri asanapemphe kalikonse, lamulo la dig -x lotsatana ndi nambalayo limamuonetsa dzina limene kampaniyo inalembapo.