Alendo okoka ngolo zogonamo: ndi ayani, ndipo amafunanji m'misewu yathu ya fumbi?

Chaka ndi chaka, mvula ikakata, misewu ya m'chigawo cha Tete imayamba kulandira magalimoto achilendo. Ndi magalimoto amphamvu, ambiri a manambala a ku South Africa, ndipo kumbuyo amakoka ngolo yotseka mbali zonse, imene pa Chipwitikizi amati atrelado. Amalowera pa Cuchamano n'kuwoloka Zambezi mumzinda wa Tete. Ena amalunjika ku Zóbuè pamsewu wa N7, ena amakhota pa Mussacama kudzera ku Ulónguè mpaka ku Calómuè. Nthawi zina amasiya tala n'kulowa njira za kumidzi, kuima pansi pa mlambe kapena m'mbali mwa dimba, n'kutulutsa makamera.

Akaima chonchi, mafunso amabuka pamudzi. Kodi akufufuza miyala? Akuyeza malo? Nanga zithunzizo akupita nazo kuti? Ambiri mwa anthuwa ndi alendo ongocheza, oyenda milungu ingapo kukaona nyama zakutchire, mapiri ndi nyanja. Komabe ndi bwino kudziwa mmene amayendera, zimene lamulo limawalola, ndi ufulu umene inu eni mudzi muli nawo.

M'ngolomo muli chiyani?

Ngoloyo ndi nyumba yoyenda nayo. Pamwamba pake pamakhala tenti yopinda, imene akaitambasula pamapezeka bedi. M'mbali muli makabati a mapoto ndi zakudya, chitofu cha gasi, thanki ya madzi ndi kafiriji koyendera batire. Batireyo amaidzaza ndi sola kapena ndi injini ya galimoto ikamayenda. Ngolo yotere ikadzaza imatha kulemera kuposa tani imodzi.

N'chifukwa chake amabwera pakati pa Meyi ndi Okutobala. M'dzinja ngolo yolemera imatitimira m'matope, ndipo mitsinje yopanda milatho siwolokeka. Ambiri amapewanso Novembala, pamene kutentha kwa m'chigwa cha Zambezi kumapitirira madigiri 40.

Pachipata cha m'malire amaonetsa pasipoti, mapepala a galimoto ndi a ngoloyo, chilolezo cha kasitomu cholowetsera galimoto kwa kanthawi, ndiponso inshuwalansi. Mukaona kachikwangwani kabuluu kokhala ndi chizindikiro chachikasu cha ngodya zitatu kutsogolo kwa galimoto, dziwani kuti kumbuyo kuli ngolo.

Amapita kuti?

M'chigawo chathu amakopeka kwambiri ndi nyanja ya Cahora Bassa, imene inabadwa damu la ku Songo litatseka Zambezi mu 1974. Kum'mwera kwa nyanjayi kuli paki ya Mágoè, yomwe boma linakhazikitsa mu 2013. Kuli njovu, mvuu, ng'ona ndi mbalame zamitundumitundu. Deralo ndi lomwe kunayambira Tchuma Tchato m'zaka za m'ma 1990, pologalamu imene dzina lake limanena zonse: nyama ndi nkhalango ndi chuma chathu, ndipo anthu okhala nazo pafupi ayenera kudyapo.

Ena amakhala akuchokera ku Gorongosa, m'chigawo cha Sofala. Pakiyi inakhazikitsidwa mu 1960, nyama zake zambiri zinatha pa nthawi ya nkhondo, ndipo inayamba kudzukanso makamaka boma litasainirana mgwirizano ndi bungwe la Carr Foundation mu 2008. Enanso amangodutsa, ulendo wa ku nyanja ya Niassa kapena ku mapaki a ku Malawi ndi Zambia.

Nanga kumidzi amadzatani? Wojambula safuna nyama zokha. Amafunanso milambe ya ku Changara, mizere ya mbatatesi m'mapiri a Tsangano, ngolo za ng'ombe za ku Angónia ndi misika ya m'malire. Amakonda kujambula dzuwa likangotuluka kapena likamapendeka, chifukwa kuwala kwa masana kumayeretsa chithunzi n'kuchititsa mithunzi yakuda pankhope. Choncho musadabwe kuwaona mbandakucha ataima pamtunda. Ndipo chipaipi chachitali cha pakamera chija si chida choopsa. Ndi galasi lokokera pafupi chinthu chakutali, kuti ajambule njovu kapena mbalame osaiyandikira.

Nkhope yanu ndi yanu

Galasi lomwelo lingajambulenso munthu ali patali iye osadziwa. Apa m'pamene pali ufulu wanu. Ndime 41 ya malamulo aakulu a dziko la Moçambique imati nzika iliyonse ili ndi ufulu woteteza ulemu wake, mbiri yake, chithunzi chake ndi moyo wake wamseri. Ndime 79 ya Código Civil imaletsa kufalitsa kapena kugulitsa chithunzi cha munthu popanda chilolezo chake. Lamuloli limapatula zochitika za pagulu: ngati mlendo wajambula msika wonse inu n'kuonekamo, si mlandu. Koma kulozetsa kamera pa inu nokha, pakhomo panu kapena pamene amayi akusamba kumtsinje, n'zosiyana.

Choncho muli ndi ufulu wokana, ndipo kukana si mwano. Mukavomera, mungafunse kumene chithunzicho chikupita, ndipo mungapemphe kuchiona, poti makamera a masiku ano amaonetsa pompo. Ngati mukufuna kulipidwa, gwirizanani asanajambule. Za ana, wovomereza ndi kholo, osati mwanayo.

Gule Wamkulu ali ndi mwambo wake. Bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005 monga chuma cha anthu onse, cha Achewa a ku Moçambique, Malawi ndi Zambia, ndipo alendo ambiri anamva mbiri yake. Koma ulemu umenewo sutsegula dambwe. Chilolezo chojambula pabwalo chimachokera kwa mfumu ndi akuluakulu a mwambo, osati kwa mnyamata amene wakumana ndi mlendo panjira. Kumanda ndi kudambwe kamera siloledwa.

Mlendo amene mwamukomera mtima muchenjezeninso kuti asajambule asilikali, apolisi ndi maofesi a pachipata cha m'malire. Tindege tojambula, tija amati drone, timafuna chilolezo cha boma.

Akapempha malo ogona

Kunja kukawadera, ena amapempha kuimika ngolo pamudzi. Aperekezeni kwa mfumu kapena kwa secretário wa dera kuti adziwike, ndipo kumeneko mukambirane za malo, madzi ndi kangachepe kothokoza. Auzeni poyera kuti zinyalala zawo anyamule, ndipo moto auzimitse ndi madzi asanagone. M'miyezi ya Ogasiti ndi Seputembala khala limodzi lingapsereze tchire, nkhokwe ndi msipu wa mudzi wonse.

Kugona usiku umodzi sikumupatsa munthu gawo pa nthaka. Nthaka ya dziko lino ndi ya boma ndipo sigulitsidwa. Wofuna malo amayenera kupempha DUAT, ndipo anthu a m'deralo amafunsidwa kaye pamsonkhano. Mlendo akayamba kukhoma zikhomo, kukumba kapena kutola miyala m'matumba, ameneyo si wongocheza. Kaneneni ku posto administrativo.

Phindu lili pati?

Kafiriji ka m'ngolo n'kakang'ono, choncho masiku angapo alionse alendowa amafuna zakudya zatsopano. Amagula tomato, anyezi, mbatatesi, kabichi, mazira, nthochi, mapichesi, uchi ndi nkhuni. Sagula thumba lathunthu ngati mavenda. Amafuna zochepa, zoyera, zosankhidwa bwino. Mtengo ulembeni pakatoni mu metikali, chifukwa ambiri samva Chinyanja kapena Chipwitikizi, ndipo mtengo wolembedwa umachotsa mantha akuti akuberedwa. Wowotcherera zitsulo ndi womata matayala nawonso amapeza ganyu, poti misewu ya mabampu imathyola masipuling'i a ngolo. Koma nyama yamtchire, minyanga, zikopa ndi ana a nyama musagulitse: ndi mlandu wa ndende kwa wogula ndi wogulitsa yemwe.

Ndalama zina zimadzera kuchipata cha paki. Mapaki amayendetsedwa ndi bungwe la boma la ANAC, ndipo lamulo limapereka gawo la 20 pa 100 la ndalama za nkhalango ndi nyama kwa anthu okhala m'deralo, kudzera m'makomiti awo. Okhala pafupi ndi paki ali ndi ufulu wofunsa komiti yawo kuti zalowa zingati ndipo zagwira ntchito yanji.

Chenjezo lomaliza ndi la pamsewu. Galimoto yokoka ngolo siima msanga, ndipo pokhota ngoloyo imadula ngodya. A njinga zakapalasa ndi zamoto, galimoto ikakudutsani musabwerere mumsewu nthawi yomweyo, chifukwa ngolo ikubwera m'fumbimo. Makolo, letsani ana kuthamangira magalimotowa popempha masiwiti kapena kulendewera kumbuyo kwa ngolo, poti woyendetsa sangawaone.

Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mulandireni mwaulemu, mugulitseni zokolola zanu pamtengo woyenera, ndipo pamene simukufuna kamera, nenani momveka kuti ayi.