Atsikana a eni nthaka ku Australia: kafukufuku akufuna eni ake

Ku Australia, eni nthaka, omwe ndi a Aboriginal ndi a pa zilumba za Torres Strait, sakwana anayi pa anthu 100 alionse. Komabe mwa ana otsekeredwa m'ndende za ana m'dzikomo, oposa theka ndi a mitundu imeneyi. M'madera ambiri, mwana wa zaka 10 angathe kuzengedwa mlandu.

Mwa ana otsekeredwawa, atsikana ndi pafupifupi mmodzi pa khumi. Kuchepa kwawoku kwachititsa kuti kafukufuku wambiri aziyang'ana anyamata, ndipo chisamaliro chimakonzedwa ngati kuti atsikana kulibe. Chonsecho ambiri mwa iwo amafika kubwalo la milandu atachitiridwa kale nkhanza, kapena atachotsedwa m'manja mwa makolo awo.

M'chaka cha 2020, maboma a m'dzikomo ndi mabungwe a eni nthaka adasainirana pangano la Closing the Gap, lofuna kuchepetsa chiwerengero cha ana awo m'ndende ndi 30 peresenti pofika 2031. Kuti zimenezi zitheke, pakufunika ofufuza obadwira m'mitundu yomweyo, amene mtsikana angawaululire zakukhosi mopanda mantha.

Mwayi wa maphunziro ulipo. Boma limalipirira ophunzira a Masters ndi PhD kudzera mu Research Training Program, ndipo kuyambira 2010 thumba la Charlie Perkins lakhala likutumiza eni nthaka ku Oxford ndi Cambridge. Malamulo a bungwe la AIATSIS a 2020 amanenetsa kuti eni ake ayenera kuvomereza kafukufukuyo ndi kupindula naye. Kusukulu kotero mtsikana amene kale ankangofufuzidwa angathe kukhala wofufuza.