Mmene kaundula wa ku Denmark anachotsera mantha a katemera wa chikuku

Mu 1998 dokotala wa ku Britain, Andrew Wakefield, analemba m'magazini ya The Lancet kuti katemera wa MMR, woteteza ku chikuku, matsagwidi ndi rubella, mwina ndiye akuyambitsa autism, vuto lomwe mwana amavutika nalo kulankhula ndi kucheza ndi anzake. Ana omwe anawaunika anali 12 okha, koma mantha anafalikira, makolo ambiri nkuleka kubayitsa ana awo.

Yankho lomveka linachokera ku Denmark, komwe ofufuza sanachite kuyenda khomo ndi khomo. Kuyambira 1968, aliyense wokhala m'dzikolo ali ndi nambala yakeyake yotchedwa CPR. Nambalayi imalembedwa mwana akabadwa, akagonekedwa m'chipatala, ngakhalenso munthu akamwalira. Dokotala akabaya mwana katemera amailembanso potumiza kalata yoti boma limulipire. Zonsezi amalembera ntchito ya tsiku ndi tsiku, osati kafukufuku.

Ofufuzawo anatenga mndandanda wa ana obayidwa katemera ndi kuufananitsa ndi kaundula wa ana opezeka ndi autism, nambala ija ndi imene inkasonyeza kuti uyu ndi mwana yemweyo. Mu 2002 anatulutsa zotsatira za ana 537,303 obadwa pakati pa 1991 ndi 1998: autism sinachuluke mwa obayidwa kuposa mwa osabayidwa. The Lancet inachotsa nkhani ya Wakefield mu 2010. Mu 2019 akatswiri a ku Statens Serum Institut mumzinda wa Copenhagen anabwerezanso ndi ana 657,461, ndipo anapeza chimodzimodzi.

Palibe chipatala chimodzi chomwe chikanatha kutsatira ana ochuluka chotero kwa zaka zambiri. Ndiye chifukwa chake maboma amadalira njirayi pofuna kudziwa ngati katemera, mankhwala kapena ndondomeko yatsopano ikuthandizadi anthu.

Chinsinsi cha odwala chimasamalidwa: ofufuza amayenera kupempha chilolezo, ndipo nambala zimasinthidwa kuti asadziwe mwini wake. Koma njirayi ili ndi pofooka. Kaundula amangonena zomwe zinalembedwa. Kalaliki akaphonya nambala kapena dokotala akalemba matenda olakwika, kompyuta siingakonze.

Kuno ku Malawi ziphaso za unzika zinayamba kuperekedwa kwa anthu ambiri mu 2017, koma mbiri ya wodwala ikadali m'kabuku ka kuchipatala komwe amapita nako kunyumba. Kasungeni bwino kabukuko, ndipo onetsetsani kuti dzina ndi tsiku lobadwa zalembedwa molondola.